Kalata Yotseguka kwa Mfumu ya Mzinda wa Blantyre: Ophunzira Ogona M'makomboni Ndi Ananu

Kwa Olemekezeka Mfumu ya Mzinda,
Khonsolo ya Mzinda wa Blantyre,
Civic Centre, Chichiri.

Olemekezeka,

 Ndine nzika ya mzinda uno, ndimakhala ku Chilomoni, ndipo ndidaphunzira pa Polytechnic kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Ndalemba kalatayi poyera chifukwa nkhani yake si yanga ndekha. Ikukhudza anyamata ndi atsikana ochuluka amene amasankhidwa kudzaphunzira m'makoleji a mu Blantyre, koma tulo amagona m'nyumba za lendi ku Zingwangwa, Chitawira, Ndirande, Chilomoni, Bangwe ndi Machinjiri. Pempho langa n'lakuti khonsolo iwawerengere ana amenewa ngati anthu ake, ndipo iyambe kusamala madera amene akugonawo podziwa kuti maphunziro awo akuchitikira komweko.

Posachedwapa ndidabwerera pa koleji yathu yakale patatha zaka zambiri ndisadapondepo phazi. Nthawi yonseyi ndinkangoidutsa ndili m'minibasi mumsewu wa Masauko Chipembere, kuisuzumira pawindo kenaka n'kutsikira pa chipatala cha Gulupu kapena kupitirira ku Limbe. Adandilowetsa pageti ndi mwana wa mlongo wanga, amene adasankhidwa kudzaphunzira zauinjiniya ndipo adafuna kuti malume ake amuonetse makalasi amene ankaphunziramo.

Ndiyambe ndi zokoma, pakuti n'zambiri. Sukuluyi idatsegulidwa mu 1965, dziko lathu litangolandira kumene ufulu wodzilamulira, ndipo kwa zaka zoposa 50 idali nthambi ya University of Malawi pamodzi ndi Chancellor College ya ku Zomba ndi makoleji ena. Mu 2019 Nyumba ya Malamulo idavomereza kuti makolejiwa aime paokha, ndipo kuyambira mu 2021 Poly yathu ija ndi Malawi University of Business and Applied Sciences, imene aliyense akuitchula kuti MUBAS. Chaka chomwecho College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing adaphatikizana n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences. Choncho mzinda wanu tsopano uli ndi mayunivesite a boma awiri, onse oyandikana ndi chipatala cha Gulupu.

Ndidaona nyumba zatsopano pamalo pomwe ife tinkapondapo udzu. Ndidaona atsikana ovala maovolosi akutuluka m'mawekishopu manja ali bii ndi girizi, pamene nthawi yathu atsikana m'kalasi ya zauinjiniya ankatha kuwerengeka ndi zala za dzanja limodzi. Nditakhala pansi pafupi ndi laibulale, ndikumvera ana akutsutsana za masamu mokweza mawu, mtima wanga udadzala ndi chimwemwe. Ndidakumbukira anzanga amene tidatulukira limodzi pageti lomwelo. Ena akuyang'anira makina opangira magetsi, ena akumanga misewu, ena akuwerengera chuma m'mabanki, ena akulemba nkhani, ena akuyendera zaukhondo m'misika. Sukulu imeneyi yalera dziko lino, ndipo ikulerabe.

Dzuwa litapendeka ndidaona chinthu chimene nthawi yathu sichinkaoneka chotere. Ophunzira adayamba kutuluka pageti m'magulumagulu, zikwama kumsana, aliyense akuyenda mwandawala. Ena adalunjika ku Chitawira ndi Zingwangwa wapansi. Ena adawoloka msewu kulowera ku Ginnery Corner kuti adzere ku Makata n'kukwera mtunda wa ku Ndirande. Ena adaima m'mbali mwa msewu akunenerera mtengo wa minibasi ndi makondakitala. Nthawi imene ife tinkati tsopano kuwerenga kwayamba, iwo n'kuti akuthamangira kukafika kunyumba kusadade.

Ife tidaphunzira nthawi imene wosankhidwa ndi boma ankapeza bedi m'hositelo ndi chakudya m'kafiteriya. Ukatuluka mulaibulale usiku, pakangotha mphindi zochepa uli m'bulangeti. Mwana wa mlimi wa ku Phalombe ndi mwana wa bwana wa ku Sunnyside ankadya nsima imodzi, kuwerengera nyale imodzi, ndipo chowasiyanitsa chidali khama lawo basi. Koma tidali ochepa kwambiri, ndipo anzathu anzeru ambiri adatsala kunja chifukwa malo adali osakwanira. Kuyambira m'zaka za m'ma 2000 makomo adatseguka, ophunzira oyendera adayamba kuloledwa, ndipo chiwerengero chidakwera. Zimenezi n'zoyenera kuyamikira. Vuto n'lakuti m'dziko lonse mabedi sadachuluke pa liwiro limene ophunzira adachulukira, ndipo otsalawo adawalandira ndi makomboni.

Mwana wa mlongo wangayo adanditenga kukaona kumene akugona ku Zingwangwa. Ndi kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni ake, ndipo akukhalamo atsikana anayi. Mabedi ndi awiri, osanjikiza. Kunsi kwa bedi kuli thumba la ufa wochokera kumudzi, ndowa ya nyemba ndi kajumbo ka bonya. Pakhomo pali mbaula ndi zigubu ziwiri zosungiramo madzi a tsiku limene mpopi wauma. Soketi ndi imodzi, ndipo alumikizapo chingwe chotchajira mafoni anayi, malaputopu awiri ndi ketulo. Tebulo mulibe. Zojambula za m'kalasi amazijambulira pamwamba pa sutikesi atakhala pamkeka. Chitseko amachikhoma ndi kaloko koti mwana atha kukathyola ndi mwala, ndipo chimbudzi chokumba amathandizana ndi mabanja ena atatu a pamalopo. Mtsikana amene adzatijambulire milatho mawa akuphunzirira m'menemo.

Sindikudzudzula eni nyumba onse. Ambiri ndi amayi amasiye ndi madoda opuma pantchito amene adamanga tizipinda kuseri kuti apezeko ya sopo ndi ya fizi ya ana awo. Pakadapanda iwo, ophunzira ambiri akadabwerera kumudzi sabata yoyamba. Ena amawasamala anawa ngati obala okha, kuwagawira ndiwo ndi kuwaperekeza kuchipatala usiku. Koma alipo enanso amene amathithikiza ana 6 m'chipinda cha anthu awiri, kulipiritsa pamutu pamutu, kukweza lendi pakati pa semesita, ndi kutulutsa katundu panja mwana ali m'chipinda cha mayeso. Popeza palibe chimene adalemberana, wophunzirayo alibe kokadandaula. Landilodi wabwino ndi woipa onse akuchita mmene mtima wawo wawauzira, chifukwa palibe muyeso umene adaikiridwa.

Chipinda ndi chiyambi chabe. Palinso njira. Wochokera ku Bangwe amakwera minibasi mpaka ku Limbe, n'kukweranso ina yodzera mu Chipembere. Wa ku Chilomoni amayamba wafika m'tauni kenaka n'kusintha. Wa ku Machinjiri amadzuka kusadache kuti kalasi yoyamba isamupite. Ndalama ikatha amayenda wapansi, ndipo njira zachidule zimadzera m'tinjira ta mdima, m'mbali mwa njanji ndi pa timaulalo ta matabwa. M'menemo ndi momwe achifwamba amabisalira. Iwo amadziwa kuti m'chikwama cha wophunzira muli foni ndi laputopu. Laputopu ikalandidwa, yapita ndi ntchito ya chaka chonse, yapitanso ndi mbuzi kapena matumba a chimanga amene makolo adagulitsa kuti aigule. N'chifukwa chake atsikana ambiri amatseka mabuku dzuwa likadalipo. Mwana wa mmphawi akuwerenga maola ochepa kusiyana ndi mnzake amene ali ndi pogona pafupi, chonsecho mayeso adzalemba amodzimodzi.

Za ndalama ndiye osakamba. Mu 2015 boma lidakhazikitsa bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira a m'masukulu aukachenjede, ndipo lathandiza ana ambiri amene sakadapenya n'komwe khomo la koleji. Koma ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kuchepetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Lendi idakwera, makala adakwera, kabaza ndi minibasi zidakwera. Ophunzira ena amadya kamodzi patsiku, ena amalowa m'kalasi ndi zibwente ziwiri m'mimba. Pamene njala ndi lendi zapanikiza mwana wamkazi, pamafika abambo a magalimoto amene zolinga zawo tonse tikuzidziwa. Chipinda chotsika mtengo, chaukhondo ndi chapafupi chimateteza mwana wamkazi kuposa malangizo onse amene tingamupatse.

Tisaiwalenso zimene mzinda uno wadutsamo. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 masukulu a pulayimale ndi sekondale mu Blantyre ndi Lilongwe adachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwo. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagumula phiri la Soche, matope ndi miyala zidakwirira nyumba ku Chilobwe ndi Manja, ndipo m'dziko lonse tidataya abale athu oposa 1,000. Zipinda zotsika mtengo zimapezeka m'malo otsetsereka ndi m'mphepete mwa mitsinje, ndipo wophunzira wa m'thumba mochepa amathamangira komweko. Iye ndi mlendo, wachokera ku Chitipa kapena ku Mchinji, sadziwa kuti madzi akakwiya amadzera pati. Munthu wotere amafunika wina womuchenjeza asadapereke lendi.

Mwina mungafunse kuti bwanji ndalembera inu, osati a nduna ya zamaphunziro kapena akuluakulu a mayunivesite. Za m'kati mwa mpanda wa sukulu ndi za akuluakulu a sukulu, ndipo za ngongole ndi za boma la ku Lilongwe. Koma mwana akangotuluka pageti walowa m'manja mwanu. Misewu ya m'makomboni, magetsi a m'misewu, ngalande, zinyalala, misika ndi mapulani a nyumba zonse zili pansi pa khonsolo, ndipo lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 lidakupatsani mphamvu yokhazikitsa malamulo a mumzinda. Komanso ndinu anansi. Kuchokera ku Civic Centre kufika pageti la MUBAS ndi ulendo wapansi wosatopetsa.

Kalembera wa 2018 adapeza kuti mzinda wa Blantyre uli ndi anthu oposa 800,000. Pakati pawo pali ophunzira a ku MUBAS, a ku Kamuzu University of Health Sciences, a ku Malawi College of Accountancy, a ku Malawi College of Health Sciences, a ku Soche Technical College, a kukoleji ya aphunzitsi ndi a m'makoleji ena oima paokha. Ndalama zimene makolo amawatumizira zimathera mumzinda momwe muno: kwa landilodi, kwa mayi wogulitsa tomato pamsika wa Kamba, kwa mnyamata wa chiwaya, kwa wakabaza, kwa wojambula mapepala. Tchuthi chikafika amalonda amenewa amadandaula kuti malonda aphwa. Akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Mzinda ukudya nawo kale ana amenewa. Chatsala n'chakuti uwasamale.

Choyamba, ndikupempha kuti khonsolo, mogwirizana ndi makoleji, mabungwe a ophunzira ndi mafumu a m'madera, itsegule kaundula wa nyumba zogona ophunzira. Nyumba yolembedwa m'kaundulamo ikhale ndi zinthu zochepa zofunikira: chitseko cholimba, windo lolowetsa mpweya, chimbudzi ndi bafa zokwanira anthu okhalapo, madzi apafupi, mawaya a magetsi osaopsa, malire a chiwerengero cha anthu m'chipinda, ndi kalata ya mgwirizano yosainirana imene ikunena lendi ndi nthawi yochenjezerana. Ku South Africa boma lidakhazikitsa miyeso ya malo ogona ophunzira a m'mayunivesite a boma mu 2015, ndipo nyumba za anthu wamba zimayenderedwa zisadavomerezedwe. Ife sitingakopere zonse, chifukwa chuma chathu n'chosiyana, koma tingayambe ndi zimene tingathe. Kaundulayu asakhale msonkho watsopano kapena chikwapu chotsekera nyumba za amayi amasiye. Akhale chizindikiro chaulemu chimene landilodi wabwino anganyadire nacho, ndipo kholo la ku Nsanje lidziwe kumene likutumiza mwana wake.

Chachiwiri, yatsani njira zimene anawa amadutsa. Simufunika kafukufuku wodula kuti muzidziwe. Itanani atsogoleri a ophunzira, muwapatse mapu a mzinda ndi cholembera, adzakulozerani malo alionse amene munthu amadutsa mtima uli m'mwamba. Yambani ndi malo amenewo. Ikani magetsi a mphamvu ya dzuwa kuti asamathime pamodzi ndi a m'nyumba, lambulani tchire, ndipo konzani timilatho ta anthu oyenda pansi pa mitsinje ya Naperi, Mudi ndi Nasolo. Kambiranani ndi apolisi ndi magulu achitetezo a m'madera kuti nthawi ya mayeso aziyendera njirazi madzulo. Nyale imene muyatsire wophunzira idzaunikiranso namwino wochokera ku Gulupu usiku, mlonda wopita kuntchito ndi mayi woweruka kumsika.

Chachitatu, tsegulani zipinda zowerengeramo m'makomboni momwemo. M'dera lililonse muli holo ya mpingo, kalasi ya sukulu kapena nyumba ya khonsolo imene madzulo imakhala yokhoma. Chipinda chimodzi ku Ndirande, china ku Zingwangwa, china ku Bangwe, ku Chilomoni ndi ku Machinjiri, chilichonse chokhala ndi matebulo, mipando, magetsi a sola, masoketi, intaneti ndi mlonda, chingabwezere ana maola amene akutaya. Bungwe la National Library Service lili ndi luso loyendetsa malo otere, ndipo makampani a mafoni angathe kupemphedwa kuthandizapo. Phindu lake silidzathera pa a kukoleji okha. Mwana wa Fomu 4 wa ku Bangwe akamakhala tebulo limodzi ndi wophunzira udokotala, amafunsa pomwe sakumvetsa, ndipo amayamba kukhulupirira kuti nayenso angafike.

Chachinayi, sungani malo omangapo mahositelo pafupi ndi makoleji malowo asadathe. Malo a mumzinda uno ali m'manja mwa khonsolo, unduna wa zamalo ndi Malawi Housing Corporation, ndipo inu ndinu oyenera kuitanitsa onsewa pamodzi. Bungwe la nyumbali, limene lidakhazikitsidwa mu 1964, lidamanga mizere ya nyumba ku Chitawira, Nkolokosa, Kanjedza ndi madera ena kuti anthu apantchito apeze pokhala. Nzeru yomweyo ikufunikanso lero kwa ophunzira. Mabanki, makampani a inshuwalansi ndi mabungwe osunga ndalama za penshoni amafuna koika chuma chawo, ndipo hositelo yapafupi ndi yunivesite siikhala yopanda munthu. Khonsolo ingawakope pofulumizitsa kuvomereza mapulani ndi kuwachepetsera msonkho wa malo kwa zaka zingapo, koma pakhale pangano lakuti mbali ina ya mabedi ikhale ya mtengo woti mwana wodalira ngongole ya boma angaukwanitse. Tikapanda kutero tidzamanga nyumba zokongola zogonamo ana a anthu olemera okhaokha, a ku Zingwangwa aja ali pomwepo.

Chachisanu, agwiritseni ntchito ana amenewa. Chaka chilichonse ophunzira a chaka chomaliza amafunafuna mitu ya kafukufuku, pamene mzinda uli ndi mafunso osowa owayankha. Ophunzira zoyeza malo angajambule mapu a ngalande zonse za ku Ndirande ndi kuonetsa pomwe madzi amatsekeka. A zauinjiniya angayeze timilatho ndi malo otsetsereka a m'mapiri a Soche, Ndirande ndi Bangwe. A zaukhondo wa m'madera angayendere nyumba za m'kaundula uja moyang'aniridwa ndi aphunzitsi awo ndi akatswiri a khonsolo. A zamalonda angathandize kukonza kaundula wa misonkho ya m'misika. Amisiri a ku Ndirande, amene amaotcherera zitseko, kukhoma ndowa ndi kupanga mbaula, ali ndi luso la m'manja limene likakumana ndi masamu a wophunzira pangatuluke zipangizo zogulitsa ngakhale kunja. Masomphenya a Malawi 2063 adatsamira pa ulimi wamalonda, mafakitale ndi chitukuko cha mizinda. Ziwiri mwa zitatuzi zikudikira Blantyre, ndipo anthu ozigwira ndi omwewa akugona anayi m'kachipinda.

Ndikudziwa kuti thumba la khonsolo ndi loperewera, kuti misewu yokumbika ndi yambiri ndipo zinyalala sizidikira. N'chifukwa chake zambiri mwa zimene ndapemphazi zikufuna kuitana anthu ndi kugwirizana kuposa ndalama. Kaundula akufuna buku ndi anthu oyendera. Zipinda zowerengeramo zikufuna makiyi a nyumba zimene zilipo kale. Ndipo katunduyu musasenze nokha. Ife amene tidaphunzira pa Poly, ku College of Medicine ndi m'makoleji ena a mumzinda uno tili m'makampani, m'mabanki, m'maunduna, ku Johannesburg ndi ku London. Tidaphunzira ndi misonkho ya alimi a fodya, a tiyi ndi a thonje, tidagona ndi kudya mwaulere, ndipo ngongole imeneyo sitidabweze. Mukatiitana ndi ndondomeko yomveka, yokhala ndi anthu okhulupirika osunga ndalama ndi malipoti a poyera, ambiri tidzabwera, wina ndi nyale ya sola, wina ndi matebulo, wina ndi luso lake.

Tsono ndikupemphani zinthu ziwiri zoti muchite mvula isadagwe. Itanitsani msonkhano ku Civic Centre wa akuluakulu a makoleji, atsogoleri a ophunzira, oimira eni nyumba, mafumu a m'madera, apolisi ndi ophunzira akale, ndipo msonkhano umenewo uzichitika kumayambiriro kwa semesita iliyonse. Musadakhale pamsonkhanowo, sankhani tsiku limodzi madzulo, musiye galimoto, mutenge makhansala a maderawa, muyende wapansi pamodzi ndi ophunzira kuchokera pageti la MUBAS mpaka pakhomo la chipinda chawo ku Zingwangwa kapena ku Ndirande. Mukaone ndi maso anu njira, mdima, chimbudzi ndi chitseko. Makolo a m'maboma onse a dziko lino adatumiza ana awo ku Blantyre atagulitsa zimene adali nazo, ndipo adawaikiza m'manja mwa mzinda umene inu mukuutsogolera. Chonde, Olemekezeka, asamalireni kuti abwerere kwawo amoyo, athanzi ndi madigiri awo m'manja.

Ine wanu mwaulemu,

Wophunzira wakale wa pa Polytechnic,
Chilomoni, Blantyre.